Bakha wa masuku amene sanafike kwa amayi

Atate anga sankalowa m'nyumba chimanjamanja. Zaka zonse zimene anagwira ntchito kufakitale ya nsalu ku Kafue, pobwera madzulo ankakhala ndi kanthu m'thumba la jekete: banzi, dzira lowiritsa, nthawi zina kamwendo ka nkhuku ka kukantini, atakakulunga m'kapulasitiki ka shuga. Sikanali ka ife ana ayi, kanali ka amayi. Iwo ankakalandira ndi manja awiri, n'kudandaula kuti kachepa, kenaka n'kudya atayang'ana kukhoma kuti tisawapemphe. Ngakhale kuukwati kapena kumaliro, atate ankayamba akankhira nthuli yabwino m'mbali mwa mbale, ndiye n'kudya zotsalazo. Ife tinakula tikuyesa kuti amuna onse amatero.

Boma litasintha, zinthu zinatembenuka. Mafakitale ena anagulitsidwa, ena anangozima, salaula, zovala zovalidwa kale zochokera kunja, n'kudzaza msika moti nsalu ya kwathu inasowa woifunsa. Atate anawadula ntchito pamodzi ndi anzawo ambirimbiri. Tinachoka ku Estates, kunyumba zabwino za antchito a m'mafakitale, n'kukapanikizana m'zipinda ziwiri kukomboni ya Nangongwe, ndipo jekete lija linakakhala pamsomali. Ankatuluka m'mawa kukasaka maganyu, koma masiku ambiri ankabwera opanda kanthu. Ndinkawaona akuzengereza pamsewu, akucheza ndi wogulitsa makala nkhani zopanda mutu, kudikira kuti amayi apite kuseri kwa nyumba kuti iwo alowe osaonedwa. Nthawi yomweyo miyendo ya amayi inayamba kutupa, ndipo chakudya chinasiya kuwakomera. Nshima ankangoitsina kawiri katatu n'kukankha mbale.

Ine ndiye ndinali pabwino. Ndinali nditapeza ntchito yolandira alendo pa ofesi ina ku Lusaka, ndinkakwera minibasi m'mamawa nditanyamula nsapato zazitali m'chikwama. Ndinali nditabadwanso mwatsopano kutchalitchi chathu cha Pentekosite, komwe ndinapezako mnyamata wogulitsa zitsulo za galimoto zochokera ku Joni. Akwawo anali atabwera kale kudzaonekera kwathu. Ndinene zoona, ndinali nditayamba matama. Ndinkawakonza amayi Chingelezi pamaso pa alendo, ndipo anzanga a kuntchito ndinkawauza kuti tikukhalabe ku Estates.

Chaka chimenecho, mvula itangoyamba, kunatsegulidwa malo odyera m'mphepete mwa mtsinje wa Kafue, kupitirira mlatho pang'ono. Tauni yonse inkakamba za malowo ngakhale kuti ochepa okha ndiwo anapondako. Ankati wophika wake anayenda maiko, ndipo amatenga zakudya zathu zomwezi n'kuzikwatitsa ndi za Amwenye, za Atchaina ndi za Azungu. Bwenzi langa linati Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi tiwatengere makolo anga kumeneko.

Atate anakana. Anati mkamwini sadyera pamodzi ndi apongozi ake, makamaka ukwati usanachitike. Ine ndinawayankha ndi pakamwa panga pa masiku amenewo, kuti zimenezo n'zachikale, ife tinamasulidwa. Amene anawagonjetsa ndi amayi. Iwo sakanatha kupita chifukwa panalibe nsapato yolowa mapazi awo, koma nkhani ya malowo inawadzutsa ngati mwana.

"Yendani, atate bake," anatero. "Mukanionereko vamene bamadya kuja. Munibweretseleko, olo kang'ono chabe."

Loweruka ndinaona kapulasitiki ka shuga katatsukidwa, katayanikidwa pachingwe pakati pa zovala. Ndinadziwa ntchito yake.

Lamlungu atate anavala jekete lija, amayi atalisita ali chikhalire. Linkawakhwepa m'mapewa. M'galimoto anakhala kumbuyo ataika manja pamaondo, ndipo bwenzi langa likawafunsa kanthu ankayankha akuyang'ana pawindo, monga mwa ulemu wa apongozi.

Malowo anali okongola, sindingakane. Denga la udzu lalitali, matebulo a mtengo wa mukwa, nsalu zoyera, ndipo kutsogolo mtsinje wathu womwewu, umene kuchokera pamenepo unkaoneka ngati wa eni ake ena. Wotiperekera zakudya anali bambo wa imvi za apo ndi apo, atavala malaya oyera ndi kataye kakang'ono pakhosi. Ataona atate anaima kaye. Anali mnzawo wa kufakitale, ankagwira limodzi kumakina opaka utoto. Anapatsana moni wapansipansi, wa anthu amene akumana pamalo pamene aliyense sakanafuna kuonedwa ndi mnzake. Kenaka bamboyo anawakokera mpando atate, iwo n'kukhala mosamala ngati mpandowo ndi wobwereka.

Choyamba kunabwera chikanda. Inde, chikanda chomwechi chophikidwa ndi timizu ta m'dambo ndi nsinjiro, chimene amayi a pamsika amadula ndi mpeni wobuntha, koma apa anachicheka mopyapyala ngati pepala, n'kuchipinda ngati duwa, pamwamba atadonthezapo msuzi wa mango ndi jinja. Atate anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa ngati chimenechi n'chodya kapena n'choonetsa chabe. Bwenzi langa linaseka bwinobwino, koma ine ndinayang'ana matebulo oyandikana nawo kuti ndione ngati ena amva. Kenaka kunabwera nshima yodulidwa timabokosi, yokazingidwa m'mafuta, yowazidwa tchizi, ndi tinsomba ta kapenta titatu tokha titaimikidwa pamwamba. Atate anati pa moyo wawo wonse anali asanaonepo kapenta wopatsidwa ulemu wotere. Anayesetsa kugwira foloko ndi mpeni monga ndinawaphunzitsira kunyumba, ndipo ndinkawayang'anira dzanja ngati mphunzitsi woipa mtima.

Patebulo la kumanja kwathu panali mayi wina wa ku Lusaka amene ankabwera kawirikawiri ku ofesi kwathu, wa mafuta onunkhira ndi ndolo zazikulu. Anandizindikira, n'kundikwezera dzanja. Kuyambira pamenepo chakudya sindinachimvenso kukoma. Khutu langa lonse linali kwa atate, diso langa lonse kwa mayiyo.

Chakudya chachikulu cha atate chinali chidali cha bakha, chodulidwa mapisi asanu, chofiirira mkati, chitathiridwa msuzi wa masuku ndi tsabola wa Amwenye. Atalawa anatseka maso. Amayi ankakonda masuku kuposa chipatso china chilichonse. Nyengo yake ikafika ankatha beseni okha, njere zili mbwee pakhonde. Ndinaona nkhope ya atate ikuwala koyamba m'miyezi yambiri. Anadya mapisi awiri ang'onoang'ono a kumapeto. Atatu a pakati, onona, anawakankhira m'mbali mwa mbale, n'kuwaunjikira msuzi wonse ndi mpeni, pang'onopang'ono, osasiya ngakhale dontho.

Kenaka dzanja lawo linalowa m'thumba la jekete, ndipo ndinamva kapulasitiki kakulira. M'malo mwa phee ngati amenewo kanamveka ngati munthu akuponda masamba ouma. Koma atate anabweza dzanja. Anayang'ana zala zawo, n'kundifunsa monong'ona kumene angasambe m'manja, poti pamalopo sanatibweretsere madzi osamba. Sakanagwira chakudya cha mkazi wawo ndi manja osasamba. Ndinawalozera kukhomo la kumbuyo, ndipo ananyamuka.

Bwenzi langa linali litatembenuka, likukamba za mitengo ya matayala ndi munthu wina wodziwana naye. Woperekera zakudya uja anafika kudzatenga mbale zathu. Atafika pa ya atate anaima. Iye ankadziwa. Anadya nawo kukantini zaka zambiri, ndipo nthuli yokankhidwira m'mbali ankaidziwa tanthauzo lake.

"Iyi nisiye, ayi?" anandifunsa motsitsa mawu. "Ba mudala bakalibe kusiliza." Ankatanthauza kuti atate anali asanamalize kudya.

Ndinatambasula dzanja langa, ine mwini, n'kuika foloko ndi mpeni wa atate pamodzi pakati pa mbale, monga amachitira munthu amene wamaliza.

"Chosani," ndinatero. "Basiliza."

Anandiyang'ana kamphindi, n'kunyamula mbaleyo. Akanakhala munthu wina akanandikalipira, koma iye anali pantchito, ndipo ntchito masiku amenewo munthu sankaseweretsa.

Atate anabwera akupukuta manja ndi kampango kawo. Anapeza nsalu yoyera yokhayokha pamalo pawo. Anayang'ana mnzawo uja, amene anali ataima patali atazolika, kenaka anayang'ana ine. Anakhala pansi, n'kupinda kampango kaja kanayi, n'kukabwezera m'thumba. Akanandituka pamaso pa anthu onsewo ndikanapepukidwa, koma anangoti mtsinje wadzaza msanga chaka chino.

Chomaliza anatibweretsera ayisikilimu wa malambe m'timakapu tagalasi. Atate sanamukhudze. Anangomuyang'ana akusungunuka, chinthu choti ngakhale utafuna sungachiike m'thumba.

Tili m'galimoto, bwenzi langa linafunsa ngati bakha anawakomera, popeza linaona kuti anasiyako. Linawonjeza, mosadziwa kuti likundibaya, kuti pamalo ngati amenewo ukasiya chakudya umangonena, amakuikira m'kabokosi kokongola n'kupita nacho kunyumba, ngakhale Azungu amatero. Ndiye kuti manyazi anga onse aja anali a chabe. Akuluakulu amati manyazi anapha lambe, koma tsiku limenelo manyazi anali anga, wofa n'kukhala wina. Ndinapempha kuti tiime pamsika tigule nkhuku yootcha kapena masuku a m'beseni. Atate anakana. Anati cha pamsika aliyense angagule, chimene umamusiyira munthu ndi chimene wadzimana wekha.

Tinafika ku Nangongwe dzuwa likadali pamwamba. Bwenzi langa linatitsitsa pamsewu chifukwa cha matope. Amayi tinawapeza pakhomo, atakhala pamphasa, miyendo yotupa ija ataitambasula. Anali atasamba, atavala chitenje chawo cha kutchalitchi. Pambali pawo panali mbale yoyera yotsukidwa bwino, ndi kabeseni ka madzi osamba m'manja. Mng'ono wanga anandiuza pambuyo pake kuti masana anakana kudya, ati akusunga malo.

"Mwabwela, atate bake? Nanga vili kuti?" anafunsa akumwetulira, manja awiri atawatambasula kale.

Ndinkadziwa kuti ndiyenera kulankhula. Atate anandiyambirira.

"Amake bana, munikhululukire," anatero. "Venze vokoma maningi. Nadya vonse, nakuibalani."

Amayi anawayang'ana nthawi yaitali, manja akadali m'mwamba. Kenaka anawatsitsa, n'kuseka kaseko kakafupi. Anati palibe kanthu, bola mwakhuta, munthu wamwamuna amafunika kudya. Anatenga mbale ija n'kupempha mng'ono wanga kuti akaibwezere pathandala. Atate analowa m'nyumba, n'kupachika jekete pamsomali, kapulasitiki kali momwemo.

Ndinadziuza kuti ndiwauza amayi mawa. Mawa linakhala sabata, sabata n'kukhala mwezi, kenaka zokonzekera ukwati zinatimeza tonse. Ndinkapemphera mokweza kutchalitchi, kusala kudya, kuchitira umboni za zinthu zina zonse, koma kachinthu aka kokha kanandikanika. Ndinkaopa kuti amayi adzandiona mmene atate anandionera patebulo paja.

Amayi anakhala nafe chaka china chimodzi ndi miyezi ingapo asanamwalire. Nkhani ya bakha inasanduka nthabwala yawo yokondedwa. Mlendo aliyense akabwera, kaya ndi a kutchalitchi kaya ndi achibale a mwamuna wanga, ankamuuza kuti bambo awa anandisiyira chakudya zaka zonse, pa njala ndi pa maliro pomwe, koma tsiku limene analawa bakha wa masuku anaiwala kuti ali ndi mkazi. Ankaseka ponena zimenezi, koma ine ndinkamva kuti pansi pa kusekako pali bala. Alendo ankaseka, atate nawonso ankaseka, n'kuvomera kuti n'zoona, bakhayo anawapusitsa. Nthawi zonsezo ine ndinkakhala pomwepo, nditagwada, ndikuthira tiyi m'makapu.