Kiyibodi Yanga ndi Phazi la Bambo

Tsiku limene ndinatsika minibasi pa Chipoka nditasenza kiyibodi, ndinkayenda ngati ndagula boti la injini. Inali yogwiritsidwapo kale ntchito, koma abale inu, inkalira! Ukangodina batani n'kuika zala zitatu kumanzere, ng'oma, besi ndi malipenga zonse zinkayamba pamodzi. Gulu lathunthu m'bokosi limodzi! Ndinailiza mpaka amayi ogulitsa usipa anasiya mabeseni awo n'kudzavina pakhomo pathu.

Amene sanavine ndi bambo anga okha. Iwo anakalambira pa gitala, kuimbira alendo m'mahotela a ku Senga Bay. Anaizungulira kiyibodiyo ngati akuyang'ana mbuzi pamsika.

"Ndiye ng'omazo akuimba ndani?" anafunsa.

"Makinawa, bambo."

"Besi?"

"Makina omwewa."

"Nanga iweyo ukutani? Wagula wailesi, mwana wanga. Woimba weniweni sagwira zimenezi."

Zinandiwawa, ndisaname. Kuyambira ndili mwana ndinkalakalaka atadzandiuza kuti, "Tiye tikaimbe limodzi." Wa ng'oma wa gulu lawo anali atapita ku Joni, wa besi anabwerera ku usodzi, gitala inkangodya fumbi kuseri kwa chitseko. Koma ine ayi, sankandiwerengera.

Mwayi unadza pa chinkhoswe cha msuweni wanga ku Khombedza. Azakhali, mayi ake a mtsikanayo, anandiitana kuti ndikasangalatse anthu. Bambo, pokhala malume ake, anakhala kutsogolo penipeni atavala jekete. Ndinayamba bwino kwabasi. Ana anaunjikana pasipika kufunafuna kumene kwabisala wa malipenga, ine mtima uli dyokodyoko.

Akuchimuna ndi akuchikazi atasinthana nkhuku, bambo n'kulandira tambala wochokera kuchimuna, amayi akuchikazi anayamba kubweretsa atsikana ofunditsidwa zitenje. Woyamba akuchimuna anamukana, wachiwirinso anamukana. Atavundukula mwini nkhani, nthungululu zinang'amba bwalo ndipo amayi anayambitsa nyimbo. Ndinaigwira msanga, ng'oma zanga n'kulowa.

Apa ndi pamene ndinagwa nayo. Nyimbo za amayi pachinkhoswe siziyenda liwiro limodzi. Zimayamba mwaulemu, kenako zimatentha pamene m'manja mukutentha, ndipo wa ng'oma amayang'ana ovina n'kumawatsatira. Makina anga analibe maso. Amayi anathamanga, ng'oma zanga zili pambuyo nyang'anyang'a, mpaka ovina anayamba kupondana.

"Iwe!" anakuwa azakhali, manja m'chiuno. "Ng'oma zakozo zadwala malungo?"

Bwalo lonse linafa nacho chiseko. Thukuta linandiyenderera mpaka m'maso. Ndinaganiza zongozimitsa, ndivomere kuti ndinaguladi wailesi.

Ndipamene ndinaona phazi la bambo. Nkhope inali gwa, tambala ali pamiyendo, koma nsapato yawo inkamenya pansi ndendende ndi m'manja mwa amayi. Pakiyibodi pali kabatani kamene ukakagogoda, ng'oma zimatenga liwiro la chala chako. Ndinagogoda motsatira nsapato ija. Zinagwirana! Ng'oma zinawapeza amayi aja ngati mwana wothamangira mayi ake kumsika. Phazi linafulumira, ine n'kugogodanso. Linafulumiranso, ine pomwepo. Fumbi linakwera, azakhali anataya mpango, ngakhale akuchimuna amene ankadzigwira anadzuka n'kulowa m'bwalo. Ine ndinkaimba ndikukuwa ngati wamisala, chimwemwe chitandikwera kumutu.

Mkati mwa phokosomo ndinazindikira chinthu china. Bambo anali atasuntha mpando, ndipo phazi ankalikweza kuposa mmene munthu amachitira akamangomvera nyimbo. Ankachita dala kuti ndizilipenya.

Mwambo utatha anabwera pamene ndinkakulunga zingwe, tambala uja akadali m'khwapa. Anadina kiyibodi kamodzi ndi chala chawo chokakala.

"Makina akowa ndi ogontha," anatero.

"Inde, bambo."

"Popanda munthu, bwenzi atatichititsa manyazi pamaso pa apongozi."

Ndinangoyang'ana pansi, kudikira kuti amalize kundizazira. Iwo anakonza tambala wawo, n'kuyang'ana kumsewu ngati akudikira minibasi.

"Mawa ukandigulire mawaya a gitala ku Salima. Loweruka kuli ukwati ku Senga Bay. Wailesi yakoyi ukaiike kumanzere kwanga, poti uziona phazi."