Rozaria Wojambula Thambo

Inu amene mwagwa ulesi chifukwa anthu akusekani, tamverani za Rozaria wa ku Migowi.

Tsiku limene anakapereka zithunzi za ukwati woyamba umene anajambula, ku Nkhulambe, anabwerako akulira pa kabaza. Chithunzi chilichonse chinali ndi kadontho kakuda, pena pachipumi pa mkwatibwi, pena pavelo. Mayi Sellina, amake a mkwatibwiyo, anamuponyera zithunzizo kumapazi.

"Mwana wanga wamuika chizindikiro cha chiyani? Ukufuna banja lake lithe?"

Pofika Lamulungu, dera lonse linali litamva kuti kamera ya Rozaria ndi yamalodza. Mayeso a Fomu 4 anali atalephera kale, ndipo kamera imeneyi, imene anamusiyira malemu achimwene ake, ndiyo inali khasu lake. Anapukuta galasi ndi chitenje mpaka dzanja kuwawa. Kadontho kali pompo!

Koma mtsikanayu ndi wamakani, ndipo ine ndimamukondera zomwezo. Anapalasa njinga mpaka ku Chiringa kwa a Fletcher, mkulu amene anajambula anthu zaka zambiri manja asanayambe kunjenjemera.

"Tajambula kumwambaku," anatero a Fletcher. "Chepetsa kabowo kolowera kuwala. Pasaoneke mtengo, thambo lokhalokha."

Atachikulitsa chithunzicho, kadontho kaja kanali apo, pamodzi ndi tinzake tinayi.

"Malodza akowo ndi fumbi la mumsewu, mwanawe. Lili m'kati, pa sensa, pamene pamagwera chithunzi. Umasinthira magalasi pamphepo eti? Ndipo usamauzire ndi pakamwa, si moto umenewu."

Anamupatsa kampira kopopera mpweya, namuphunzitsa kuzondotsa kamera kuti fumbi ligwe pansi.

Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse Rozaria ankaima pafupi ndi msika n'kujambula thambo kuti aone ngati m'kamera mwalowa fumbi. Ogula nandolo ankafa nazo.

"A Roza, angelo mwawapeza?"

Miyezi inatha popanda womuitana ku ukwati. Ankangojambula tizithunzi ta paziphaso, koma thambo sanalidumphe ngakhale tsiku limodzi.

Patatha zaka ziwiri, mkwatibwi uja anabereka, ndipo anamuitana yekha Rozaria ku ubatizo wa mwana, amake akukana. Tsiku lopereka zithunzi khonde linadzaza. Aliyense ankadziwa kuti zikalakwikanso apa, ntchito yathera pomwepo.

Mayi Sellina anaziunika chimodzichimodzi. Kenaka anakuwa.

"Si aka! Kabweranso, kunsi kwa khutu la mdzukulu wanga!"

Koma Rozaria sanagwade.

"Mayi, tsiku limenelo kamera ndinaiyesa m'mawa, munalibe fumbi. Tamuyang'anani mwanayo."

Mkwatibwi uja anamutsitsa mwanayo kumbuyo, namuvula kachipewa. Kunsi kwa khutu kunalidi kadontho kobadwa nako, kakang'ono ngati njere ya mpiru.

"Ndi kanu komwe aka, amayi," anatero mkwatibwi uja, akuloza khutu la amake. "Watengera inu."

Anthu anaphulika nacho chiseko. Mayi Sellina anagwira pakamwa kwa kanthawi, kenaka anagwira dzanja la Rozaria ndi manja awiri.

"Ndinakulakwira, mwanangu. Chinthu chakochi chimaona kundiposa ine."

Lero Rozaria ali ndi situdiyo yake pa Migowi, ndipo kuti mumupeze Loweruka muyenera kumuuziratu mwezi wathunthu. Thambo amalijambulabe.

Ndiye inu, akakuuzani kuti muli ndi tsoka, musathamangire kuvomera. Fufuzani kaye pamene pali fumbi, lichotseni, mawa muyang'anenso. Osataya mtima!