Mlamu Wanga Atalemba Litirecha

Ndinaonera pa phala. Mlamu wanga, mlongo wawo wa bambo a kunyumba, ankakhala nafe ku Nabvutika chifukwa kwawo, kufupi ndi Mtenguleni, sukulu inali kutali. Masana aja anabwera kuchokera ku mayeso, n'kutenga phala kuti adyetse mwana wanga wamng'ono monga ankachitira masiku onse ine ndikamapita kukagulitsa tomato kumsika wa Kapata. Koma supuni inangoima m'malere, mwana kukamwa kuli yasa, iye maso ali kukhoma. Ndinafunsa kuti zayenda bwanji. Anati, "Bwino, amulamu," osandiyang'ana.

Linali tsiku la litirecha, mayeso a giredi 12 aja a mabuku a nkhani za Chingerezi. Mabukuwo ndinkawadziwa ndi maso okha. Anali atatu, zikuto zomatamata ndi selotepi. Ndikamasesa ndinkayamba ndapukuta m'manja ndisanawasunthe, nthawi zina kutsegula limodzi, kupeza mawu awiri atatu amene ndikuwazindikira, kenako kutseka msanga ngati ndaba.

Ine ndinalekezera giredi 7. Sindinalephere ayi, izi ndimafuna anthu azidziwa. Dzina langa linatuluka pa opita giredi 8, koma chaka chimenecho thonje linakana ndipo kwathu anasankha achimwene. Kenako ukwati, kenako ana awiri, wamkazi wa zaka zinayi ndi wamwamuna wongoyamba kuyenda. Ine ndi mlamu wangayo timasiyana zaka zinayi basi.

Mawa lake kunabwera anzake atatu, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango ndi pepala la mafunso, ine ndili poteropo kutsuka beseni.

"Funso lachiwiri lija aphunzitsi analumbira kuti silibwera. Ndiye labwera!" anatero wamtali.

"Ine ndinalemba mapeji asanu mpaka dzanja kufa," anatero wina wa magalasi.

"Mapeji asanu a bodza! Wochonga adzagona pa peji yoyamba."

"Bola iwe. Ine ndinaiwala dzina la mwamuna wa m'bukumo, ndinangomutcha bambo uja pepala lonse."

Anaseka mpaka kugwirana mapewa, koma kuseka kwake kunali kwa anthu amantha, kumatha msanga, wina n'kuyambanso kuwerengera pa zala mamalikisi amene angapate. Apa mlamu wanga anafunsa chapansipansi kuti iwo anatenga mafunso angati mbali yoyamba.

"Awiri. Funso lachitatu mbali yachiwiri. Si mmene analembera pamwamba?"

Iye anali atayankha onse atatu mbali yoyamba, chifukwa buku la kumeneko ankalidziwa ngati Atate Athu, ndipo anangoona kulakwa kwake nthawi itatha, mapepala akutoledwa.

"Ndiye kuti limodzi sachonga," anatero wamtali uja.

"Mwina achonga. Wochonga naye ndi munthu," anatero wa magalasi.

"Munthu wake sakudziwa, sakuona nkhope, angoona nambala."

Ndinene zoona, poti ndi zoona zimene ndikulemba. Nditamva zimenezi mumtima mwanga munazizira bwino ngati ndamwa madzi a mumtsuko. Ngakhale nkhawa yawoyo ndinkaisirira. Kudandaula za buku! Kukhala pamthunzi masokosi oyera ali mbuu, kudandaula kuti munthu wa m'nkhani wakuthawa dzina, pamene ine yanga nkhawa ndi tomato kufewa ndi dzuwa la Novembala.

Lamulungu titachoka ku Misa anzake aja anabweranso, ndipo bambo a kunyumba, amene anamaliza giredi 12, anakoka mpando n'kukhala nawo. Anatenga pepala lija, kuliwerenga mokweza m'Chingerezi, kusintha mawu ngati mphunzitsi, atsikana kuseka, iwonso kuseka mpaka mano a mkati kuoneka. Kuseka kotero ine sanandisekerepo. Nditayandikira anangotembenuka pang'ono, nati, "Amake mwana, tapangirani alendo tiyi." Ndinapanga. Shuga ndinathira wochepa dala.

Alendo atapita ndinapeza mlamu akulira kuseri kwa nyumba. Ndinati, "Mulamu, usalire, ena sitinalembeko n'komwe koma tikudya." Ndinanena mokoma, koma ndinkadziwa pamene ndikubaya. Anandiyang'ana, nati, "Inu simungamvetse, amulamu."

Simungamvetse! Ine womuphikira, womuchapira yunifolomu pamene iye akuwerenga. Kuyambira pomwepo ndinatseka pakamwa. Ndinkaona zonse, ine sindiphonya kanthu m'nyumba mwanga. Ndinaona kuti wasiya kudya, kuti mapepala otsala akupita osawerenga, kuti anzake akamuitana pafoni sayankha, kuti akugona masana chitseko chotseka kutentha konse kuja. Ndinkangoti mumtima, ophunzira adziwana okha, achimwene ake amufunse m'Chingerezi. Ndipo ana ndinkamusiyirabe.

M'nyumba mwathu munali botolo. Apongozi anatitumizira kuchokera kumudzi mankhwala opopera thonje kuti tiphere nsikidzi, monga amachitira ambiri, kuthira pang'ono m'madzi n'kuwaza m'makoma. Anawathira m'botolo la zakumwa zozizira, pepala lake likadali pomwepo. Ndinaliika pamwamba pa khoma, pansi pa malata, pamene ngakhale ine sindifika popanda mpando.

Lachinayi ndinangofika ku Kapata mitambo n'kuda, mphepo kuyamba, ndinakumbukira zovala pachingwe, ndinasiyira mnzanga tebulo n'kubwerera chothamanga. Nditakhota pa mpanda ndinaona mwana wanga wamkazi atakhala pakhomo, botolo lili m'manja, akuluma chitsekero ndi mano, mlongo wake ali pambali atatambasula dzanja, akulirira kuti amugawireko.

Sindikudziwa mmene ndinawolokera bwalo. Ndinalanda, mwana n'kuyamba kulira kuti, "Ndi la anti, ndalipeza kumutu kwa bedi lawo, sandimana anti!" Ndinamugwira chibwano, kumutsegula kukamwa, kununkhiza, kuyang'ana lilime, kununkhiza wamng'ono, kununkhizanso wamkulu. Chitsekero chinali ndi mano ake koma chinali chisanatseguke. Apongozi anali ataika kapulasitiki mkati asanamange, ndiko kanalimbitsa.

Ndinakankha chitseko cha kuchipinda. Mlamu anali chigonere, nkhope kukhoma, yunifolomu osavula.

"Mulamu, botolo ili latsika bwanji?"

"Nsikidzi, amulamu."

"Nsikidzi? Madzi osungunulira ali kuti? Bwanji kumutu kwa bedi?"

Anaona botolo, anaona ana kumbuyo kwanga, anagwira pakamwa n'kuyamba kulira kopanda mawu, mapewa okha kugwedezeka. Chifundo chinabwera, koma chinachedwa. Choyamba unali mkwiyo. Iye ali ndi mabuku, ali ndi mchimwene womukokera mpando, wafika giredi 12 kumene ine ndikanapita ngakhale chokwawa, ndiye funso limodzi, limodzi lokha, afune kutaya zonsezo, n'kusiya imfa pansi pamene ana anga akuseweretsa zitsekero. Kenako ndinakumbukira masiku onse amene ndinaona n'kukhala chete, ndipo mkwiyo uja unasowa kolowera.

Ndinapita kuchimbudzi cha dzenje, kutsegula botolo ndi nsalu, kukhuthula zonse, botolo lomwe n'kuponya momwemo. Ndinasambitsa ana m'manja ndi kukamwa ndi sopo mpaka wamkulu anakuwa kuti ndikumupweteka. Ndinaitana amayi a nyumba yoyandikana, amene timapemphera nawo mphakati umodzi, ndinawanong'oneza, iwo analowa n'kukhala pa bedi la mlamu, osamusiya ngakhale pang'ono. Ndinaimbira bambo a kunyumba. Anati ali pa ntchito. Ndinati, "Bwerani tsopano lino. Mlongo wanu akufuna munthu womumvetsa, ine akuti sindingamvetse. Muitanenso amayi kumudzi abwere mawa." Anamva mawu anga, sanafunsenso.

Akubwera, ine ndinali nditasanthula nyumba yonse. Mankhwala a makoswe kuseri kwa kabati, parafini, mapiritsi otsala a malungo, malezala, zonse ndinaziika m'chidebe n'kukazitsekera kwa aneba aja. Zovala zinanyowa pachingwe, sindinazikumbukenso.

Kuyambira mawa lake mpaka zotsatira za mayeso zinatuluka, ana anga sindinamusiyire munthu, ngakhale agogo awo atabwera. Wamng'ono kumbuyo, beseni pamutu, wamkulu ndinkamumanga chitenje padzanja, mbali ina m'chiuno mwanga, kudutsa pakati pa njinga ndi mawilibala mpaka ku Kapata. Ndinkawayalira saka pansi pa tebulo, ndipo popereka tomato phazi langa limodzi linkakhala litakhudza mwendo wa mwana.