Ameni Amene Sanabwere

Achimwene anga atamaliza maphunziro ku koleji ya mishoni ku India, mpingo wonse unakawachingamira padoko la Nkhata Bay. Atangotsika sitima ya Ilala, mkulu wa mpingo anawapempha kuti atsogolere pemphero lothokoza. Tonse tinaweramitsa mitu, ngakhale anyamata achipani ofunsa makhadi aja.

Achimwene anangoseka. "Kumene kuja zopemphera anasiya kalekale," anatero. "M'tchalitchi mwake tinkangolemberamo mayeso basi."

Amayi anakhalabe chitsinzinire dzuwa likuwaotcha, kudikira ameni amene sanabwere. Mpaka lero ndimapsa mtima ndikakumbukira nkhope yawo ija.

Sutikesi ya achimwenewo inali pamutu panga. Ndinaiponya pansi pamaso pa anthu onse.

"Achimwene," ndinatero, "auzeni mayeso anuwo akusenzereni."