Mipando Panja

Linali Lachitatu loyamba la Julayi, nthawi ya 16 awazi, chakumadzulo, pamene mkazi wanga anagwa pabwalo kwathu ku Chilenje akuanula zovala. Pofika kuchipatala anali atakomoka kale. Anati mtsempha waphulika m'mutu. Anamugoneka m'chipinda cha odwala kwambiri, makina akumuthandiza kupuma, ndipo sabata inatha asanatsegule maso.

Sabata yachiwiri anamumata timawaya m'mutu monse, tolumikiza ku kompyuta. Pagalasi pake pankayenda mizere yokwera ndi kutsika. Dokotala, mayi wachitsikana wosathamanga polankhula, anandiuza kuti mizereyo ikusonyeza mmene ubongo ukugwirira ntchito.

"Muitaneni monga mumamuitanira kunyumba," anatero.

Ndinachita manyazi, koma ndinawerama. "Amake mwana, ndine. Zovala zija ndinaanula."

Mizere inasintha. Ndinaona ndi maso angawa.

"Ubongo ukumva mawu," anatero dokotala. "Ndi chizindikiro chabwino. Koma sindikulonjezani kuti adzuka, kapena kuti akadzuka adzakhala monga kale. Tidzayezanso."

Ndinakwera minibasi mtima utapepukako, ndikuganiza mmene ndikamuuzire mwana wathu wamkazi, wa giredi 9.

M'mawa wa tsiku lomwelo mlamu wanga, mlongo wake wamkulu wa mkazi wanga, anali atafika pa siteshoni ya mabasi ya Intercity kuchokera ku Chipata ndi azakhali awo awiri. Ndinawafikitsa kunyumba, n'kuwasiyira makiyi.

Nditakhotera mumsewu wathu ndinaona masofa panja, pansi pa mtengo wa mapeyala. Tebulo panja. Nkhuni zaunjikidwa pageti. Kwathu kuno mipando imatuluka m'nyumba pa chifukwa chimodzi chokha: kuti azimayi olira maliro apeze pokhala pansi. Aneba awiri anali atafika kale, atamanga zitenje, nkhope zili pansi. Mwana wanga anali khale m'fumbi ndi yunifolomu yake, akulira mopanda mawu. Anachokera kusukulu n'kupeza mipando panja, ndipo palibe amene anamufotokozera kanthu.

"Ba mulamu," ndinatero, "ndani wamwalira pano?"

"Mulamu, khalani pansi," anayankha. "Ise ndise akulu, tinaziona izi. Munthu wa pa makina ni wopita kale. Tikonzekeletu, anthu asatipeze balalabalala."

"Mwamuona?"

"Tinati tiyambe takonza kuno."

Kuchipatala sanapondeko n'komwe. Anangotsika basi n'kuyamba kunyamula masofa a mlongo wake, munthu akupuma.

Ine sindine waphokoso, koma tsiku limenelo mawu anga anamveka mpaka kumsika. Aneba aja ananyamuka mwakachetechete. Mmodzi wa azakhali aja anaseka n'kunena, "Apongozi, tumizele twa pa kompyuta tungabweze munthu?"

"Ayi," ndinatero. "Koma dokotala anamufunsa mwiniwake, ndipo anayankha. Inu mwafunsa ndani?"

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi mwanayo. Ndinagwada pambali pake, ndinamuuza kuti amake ali moyo, kuti amva mawu anga. Iye anayang'ana masofa, kenako ine.

"Adadi, osaninamiza," anatero.

Sindinamunamizepo chibadwire chake, koma anakhulupirira mipando kuposa bambo wake. Anakana kudya, nadzitsekera m'chipinda. Nditauza mlamu kuti abweze katundu m'nyumba, anati n'kudzivutitsa chabe, mawa tidzangomutulutsanso. Ndinachoka pamaso pake, chifukwa ndinkadziwa chimene manja anga ankafuna kuchita. Mipando inagona panja.

M'mawa mwake ndinakokera masofa m'nyumba ndekha, alendo aja akuonerera. Mpando wa mkazi wanga ndinaubwezera pawindo, pamene amakonda kukhala. Nkhuni ndinagawira aneba. Mwana sindinamutumize kusukulu. Ndinakwera naye minibasi kupita kuchipatala, ndipo ndinapempha dokotala kuti poyezanso, mwanayo ndiye aitane amake, aone yekha mizere ija.