Mzere umene ndinasiya mu kaderno ya Dona Marita

Ndinadandaula koyamba Lolemba la pambuyo pa Pasaka, zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Kalata yachiwiri ndinaipereka chaka chomwecho titakumba kachewere, yachitatu chaka chotsatira, ndipo zina zinayi zinatsata pambuyo. Zonse ndinapita nazo ndekha pa shapa, minibasi ya kuno, ku ofesi ya mpingo wathu ku Furancungo, ndipo iliyonse ndili ndi inzake yodindidwa karimbo. Nkhani yake ndi imodzi: dzina la bambo anga palibe pa mndandanda wa aphunzitsi oyamba a Baibulo m'dera lino. Chondiwawa n'chakuti amene analisiya ndine.

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, tikukhala ku Ntengo-Wambalame, nkhondo isanatithamangitsire ku Malawi. Lachitatu lililonse masana kunkabwera mmishonale wochokera kutsidya kwa nyanja, amene tinkamutchula Dona Marita, kudzaphunzitsa kalasi ya Baibulo m'tchalitchi chathu cha udzu. Anali munthu wabwino, sindimunenera choipa. Koma chinenero chathu chinamukanika, ndipo Chipwitikizi chakenso chinali chotsimphina. Bambo anga ndiwo ankamasulira. Ankabwera molunjika kuchokera kumunda, dothi lofiira lili m'zikhadabo, n'kuima chapambali atagwira Baibulo lawo lokutidwa ndi chikopa cha mbuzi.

Dona akanena mawu asanu, bambo ankayankhula mpaka dzuwa kupendeka. Fanizo la wofesa analifotokoza ndi mbewu ya kachewere, ija yooneka bwino kunja koma ili ndi chiwawu mkati, ndipo amayi okalamba ankagwedeza mitu. Anthu ankaseka kuti Dona amangotsokomola, olalikira ndi bambo anga. Nthawi ya dzinja msewu ukaduka, galimoto ya Dona sinkafika kwa miyezi, koma kalasi sinaimepo. Tinkakhala pamabenchi a dothi, mphepo ya ku Tsangano ikulowera m'ming'alu, bambo akutifunsa mavesi mmodzimmodzi.

Itakwana nthawi yoti Dona abwerere kwawo, anandiitana chifukwa ndinkalemba mooneka bwino. Anandipatsa kaderno yatsopano yonunkha sitolo, ndiye kuti buku lolembamo, nati ndilembe pamwamba mayina a aphunzitsi, m'munsi a ophunzira, kuti akaonetse anthu a mpingo wa kwawo amene anamutuma. Ndinalemba dzina lake. Nditatsika pa mzere wachiwiri, dzanja linaima.

Kwathu mwana satchula dzina la bambo ake. Ine ndinali ndisanalitchulepo ngakhale ndili ndekha kubusa. Kulilemba ndi dzanja langa kunandionekera ngati kuwaitana pagulu monga mnzanga wosewera naye. Choncho ndinadumpha mzerewo, ndikuganiza kuti ndipempha munthu wamkulu andilembere. Ndinapitiriza ndi mayina a anzanga, mosamala, chilembo chilichonse choongoka. Ndisanapeze wamkuluyo, galimoto inaliza hutala, Dona anatenga kaderno, nandisisita pamutu, napita.

Madzulo ake ndinawauza amayi, ndikuyembekeza kuti andiyamikira. Iwo anandikalipira kuti ndataya thukuta la mwamuna wawo. Bambo anali pakhonde akusankha mbewu, yabwino m'dengu, yoola pansi. Sanakweze mawu.

"Wachita ulemu, mwanawe," anatero. "Koma pepala silidziwa ulemu. Limangodziwa zimene waliuza."

Ndinawafunsa ngati tingathamangire galimotoyo. Anaseka, nati miyendo yawo ndi ya kumunda, ndipo Mulungu anaona yekha amene ankaima kutsogolo. Nkhaniyo sanaibwerezenso mpaka imfa yawo, imene inawapeza ku Malawi tili othawa nkhondo.

Kuyambira tsiku lija sinditaya pepala. Ana anga amandiseka kuti m'sutikesi yanga muli ngakhale tikiti ya chigayo. Asekeni. Ndinaphunzira ndili mwana kuti chimene mudzi wonse ukudziwa lero, mawa chimatsala m'mutu mwa nkhalamba ziwiri, ndipo nkhalamba zimafa.

Zaka zisanu ndi zinayi zapitazo mpingo unapachika bolodi la mayina a aphunzitsi oyamba. Nditafunsa kumene anawatenga, sekeretariyo, mnyamata wa msinkhu wa mwana wanga wotsiriza, ananditulutsira chithunzi cha tsamba la kaderno ija, chimene anthu a kwawo kwa Dona anatumiza. Ndinazindikira zilembo zanga. Ndinamuonetsa mzere wopanda kanthu uja n'kumufotokozera zonse. Anandimvetsera mwaulemu, kenaka anati, "Agogo, ife timatsata zolembedwa. Apa sipanalembedwe kanthu."

Anandiuza kuti ndibweretse mboni ziwiri, koma osati ine, chifukwa mwana sachitira umboni bambo ake. Ndinayenda m'midzi ya Tsangano ndi Macanga kufunafuna a m'kalasi ija. Ena anagona ku Malawi, ena sakudziwika kumene anathera. Ndinapeza a Nangozo okha, amene tinkakhala nawo benchi limodzi. Anadinda chala pakalata yanga, nandiimbira vesi limene bambo anatiphunzitsa. Ofesi inati mboni imodzi siikwana. Dzinja lapitali tinawaika m'manda a Nangozo.

Tsopano ndamva kuti bolodi lija akufuna kulichotsa, mayinawo awalembe pamwala. Pamwala safufuta, ndiponso sawonjezera. Sindikuyembekeza zambiri. Maso anga akuchita mdima, ndipo msewu wa ku Furancungo wayamba kundipweteka msana. Ndikudziwanso kuti amene amawerenga makalata anga sanabadwe pamene zinthuzi zinkachitika.

Komabe ndikupempha akuluakulu a mpingo, mwaulemu ndi poyera, kuti andiyankhe polemba, mwala usanasemedwe: kodi alandira umboni wa munthu amene analemba tsambalo ndi dzanja lake, kapena ayi? Ngati akukana, anene chifukwa chake, asayine, adinde karimbo. Dzina loyenera kukhala pa mzere wachiwiri ndi Zakeyu, mphunzitsi wa kalasi ya Baibulo ku Ntengo-Wambalame. Ndalilemba ndekha, ine mwana wawo, ndipo ndikudikira yankho.