Tsiku limene ndinabwereketsa amuna anga

"Amake Tadala, kodi amuna anu mungandibwerekeko mawa m'mawa?"

Anafunsa amake Yamikani, a nyumba yoyandikana nafe, ngati akupempha sefa. Ndinaika pansi kheni yothirira nazale ya fodya.

"Mukatani nawo?"

"Kusikelo basi. Ikamati teni koloko ndakubwezerani."

Inu a kuno kwa Wimbe mukudziwa kale. Kuchipatala chathu anati mayi woyembekezera azibwera ndi mwamuna wake, kuti abambo nawo aphunzire kusamala ana. Wobwera ndi mwamuna amayamba kulowa. Wobwera yekha amauma padzuwa. Tsono abambo a Yamikani ndi tenanti kuesiteti, ndipo kumeneko salola munthu kusiya fodya chifukwa cha sikelo.

Munthu wa mimba yotopa, ndikanamukaniza bwanji? Ndinangowakumbutsa abambo a Tadala kuti tsiku lomwelo mudzi wathu ukugula feteleza wa makuponi, akangotuluka alowere kudepoti.

Sitinadziwe kuti kusikeloko kukubwera alendo odzaona abambo achitsanzo.

Abambo anapezeka anayi. Awiri anali a kabaza, omwe sabata iliyonse amakhala ndi mkazi watsopano pabenchipo. Wachitatu anali mlongo wake wa mayi amene anamuperekeza. Wokwatira weniweni anali wanga yekha, koma naye atakhala ndi mkazi wa eni.

Anamwino anawamangirira amuna angawo chidole kumbuyo ndi chitenje. Anawaimbitsa, anawavinitsa, anawajambula dzanja lili paphewa la amake Yamikani. Mlendo wina anafunsa kuti, "Bambo, mwana akamagunda m'mimbamu mumamva bwanji?"

Iwo anati, "Ndimangomva kwa anthu, bwana."

Anawaombera m'manja.

Kudepoti anafika dzuwa litapendeka, mlonda akukhoma chitseko. Feteleza watha, ndipo galimoto imene inabwera nayeyo akuti inali yomaliza chaka chino.

Anabwera kunyumba atavala tisheti yolembedwa kuti Bambo Wosamala. Ndinawapatsa Tadala kuti abereke, poti aphunzira. Sanathe naye ngakhale kuzungulira nyumba.

"Amake mwana, landirani. Chija sichimalira chonchi."

Musandimve molakwa. Ndi mayi uti safuna kuti mwamuna wake adziwe njira ya kusikelo? Ine ndimafuna, ndipo ndikhoza kuwaphunzitsa pang'onopang'ono, mwana weniweni ali pomwepo. Koma amene anakonza zimenezi analankhulako ndi eni maesiteti? Anafunsako kuti mwezi uno abambo amagona pamzere wa feteleza? Nanga wamasiye akatenge kuti mwamuna? Kodi akufuna bambo wosamaladi, kapena thalauza lililonse lokhala pabenchi?

Chithunzi chija achimata pakhoma la chipatala. Abambo a Yamikani auzidwa kale ndi anzawo akuesiteti.

Tataya thumba limodzi la feteleza wokulitsa, thumba limodzi la wobereketsa, ndi moni wa abambo a Yamikani.